Maola a mu Envulopu

Dzina langa lili m'nyumba zoposa mazana awiri za m'dera lino. Musakalifune pachitseko ayi. Lili mkati mwa bokosi la magetsi, kuseri kwa kachitseko kachitsulo kamene eninyumba amakakumbukira pokhapokha magetsi akathima. Amisiri a kuno timatero: ukamaliza kulumikiza mawaya, umatenga cholembera chakuda chosafufutika n'kulemba dzina lako ndi tsiku, kuti wobwera pambuyo pako adziwe womuyamikira kapena womutukwana. Ine ndimalemba kuti Charlene Tibbets, pansi pake tsiku. Anandiphunzitsa zimenezi ndi abwana anga, a Wendell Krause, tsiku loyamba lenileni, ndipo mwambowu ndinkaukonda kuposa malipiro.

Ntchito ya magetsi ndinailowa nditakula kale. Fakitale ya mipando ya galimoto imene ndinagwirako zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi inatsekedwa ndili ndi zaka 39, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, Darcy, wodwala mphumu, bambo ake atapita ku Texas kukafuna ntchito n'kupezako mkazi. Pamsewu wopita ku Saginaw panali chikwangwani cha koleji yathu ya m'dera. Anajambulapo mtsikana wovala chipewa cholimba, mano onse pamtunda, m'munsi mwake mawu akuti "Chaka chimodzi chokha," kenako nambala yaikulu: madola 62,000 pachaka. Ndinachidutsa kasanu. Kachisanu ndi chimodzi ndinakhotera ku koleji.

Ngongole ya sukulu inali madola 19,000: fizi, zida, ndi lendi ya chaka chimenecho. Kusainira kwake pakompyuta kunatenga nthawi yochepa kuposa kuyitanitsa pitsa. Ndinaphunzira ndi mtima wonse, pakati pa anyamata oti ndikanatha kuwabereka, amene ankandiitana kuti agogo, ndipo ndinawaposa onse. Satifiketi itabwera, Darcy anaiika m'felemu n'kuipachika pamwamba pa televizioni.

Chikwangwani chija sichinaname, ndi chimene chimandinyansa. Madola 62,000 amalandiradi, koma amalandira ndi amisiri okhala ndi layisensi. Satifiketi imangokupatsa mwayi wonyamula makwerero a mmisiri. Kuti ulembe mayeso a layisensi uyenera kugwira kaye maola 8,000 pansi pa munthu wa layisensi, iyeyo n'kukusainira kuti unagwiradi. Zaka zinayi zimenezo. Anatiuzadi m'kalasi, kamodzi, mphunzitsi akufufuta bolodi.

A Wendell anali mnzawo wa malemu bambo anga, a Floyd. Ankasaka limodzi agwape chaka chilichonse, ndipo pamaliro ananyamula nawo bokosi. Kampani yawo inali iwo, vani yoyera yodyeka ndi dzimbiri, ndi akazi awo a Opal amene ankasunga mabuku pathebulo la kukhitchini. Ndinakula ndikuwaitana ankolo ndi anti. Ananditenga osafunsa zambiri, madola 17 pa ola.

Nditangoyamba kumene ntchito kunabwera makalata awiri sabata imodzi. Ina ya angongole: yambani kubweza, madola 210 pamwezi. Ina yonena kuti malipiro anga akwera, choncho thandizo la boma la kuchipatala litha, ndiyambe kudzilipirira ndekha. Mankhwala opopera a Darcy okha anali okwanira kundivula nsapato. Ndinawerenga makalatawo masana m'vani, sangweji ili pamwendo, ndipo misozi inangotsika yokha.

"Iwe mwana wa Floyd, wagwidwa shoko kapena?" anafunsa a Wendell, pakamwa pali buledi.

Ndinawapatsa makalatawo. Anavala magalasi awo othyoka mwendo, anawerenga, anasuzumira pawindo ngati pali wina angamve.

"Zimenezi n'zolirira? Tamvera. Angongolewa amaona zimene walandira papepala. Ukalandira zochepa, amakuuza ubweze zochepa, mwina osabweza n'komwe. Achipatala nawonso chimodzimodzi. Ndiye tizichita chonchi: maola makumi awiri pa cheke, makumi awiri mu envulopu, ndalama zapamanja zosalembedwa paliponse. Lolemba mpaka Lachitatu masana ndiwe wantchito wa kampani. Lachinayi ndi Lachisanu ndiwe mwana wa mnzanga wondithandiza."

"Ankolo, si mlandu umenewo?"

"Mlandu! Upite kulikonse kumene akumanga, uwafunse oyala matailosi, uwafunse openta. Boma lili ndi ndalama zogulira ndege, lisowa tulo chifukwa cha Charlene? Ifenso msonkho utipepukira. Aliyense aseka."

Ndinavomera ndisanamalize sangweji. Ndinene poyera, palibe anandipanikiza. Ndinawapsompsona patsaya madala amene aja, iwo n'kupukuta ndi nsana wa dzanja akung'ung'udza. Mwezi wotsatira angongole anandilembera kuti malinga ndi malipiro anga ndisabweze kalikonse pakadali pano, ndipo ndinavina m'khitchini ndekha ngati chitsiru. Zoti chiwongoladzanja sichigona ndinkazidziwa, koma ndinkati layisensi ikabwera ndidzaiphwanya ngongoleyo chaka chimodzi.

Zaka zinayi ndinagwira ntchito, osati masewera. Ndinakwawa m'madenga mwezi wa Julaye, mmene mpweya wake umakhala ngati wa mu uvuni, thonje lagalasi loyala m'denga likundiyabwa mpaka m'khosi. Ndinakwawa pansi pa nyumba m'nyengo yachisanu, zala zitauma moti pulaya inkandipulumuka. Magetsi anandimenya kawiri, kachiwiri ndinagwa pamakwerero, a Wendell n'kuseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, dzuka!" Anandiphunzitsa bwino, zimenezo sindingawalande. Pofika chaka chachitatu mawondo awo anali atatha, ndiye iwo ankakhala pachidebe akuloza ndi chala, ntchito yonse ndikugwira ine. Lachisanu lililonse a Opal ankandipatsa cheke ndi envulopu yakhaki, nthawi zina ndi mbale ya makeke a Darcy. Madzulo alionse ndinkalemba maola a tsikulo m'kabuku kobiriwira kamene kankakhala m'bokosi langa la zida.

Tsiku lina Lachitatu la mu Okutobala, kabuku kanakwana 8,000. Ndinagula madonasi khumi ndi awiri, ndinasindikiza fomu ya ku ofesi ya malayisensi, ndipo m'mawa mwake ndinalowa m'khitchini mwa a Krause ndikuyenda ngati mkwatibwi.

"Anti, cholembera chili kuti? Ankolo, pukutani m'manja. Lero musaina."

A Wendell anaseka, anatenga donasi. A Opal anatenga fomu. Mayi amene aja sawerenga chinthu mothamanga, ngakhale lisiti la mafuta. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, anabwerera loyamba. Kenako anavula magalasi n'kuwaika pathebulo pang'onopang'ono.

"Wendell, siya kudya."

"Chavuta n'chiyani?"

"Charlene, mwanawe, wawerenga apa? Akuti abwana alumbire maola, ndipo pamodzi ndi fomu mutumize mapepala a malipiro ndi a msonkho a zaka zonsezo."

"Eya, ndiye mundipatse mapepalawo."

Anadzuka, anatsegula kabati, anatulutsa mafayilo anayi. Anaika chala pamzere womaliza wa fayilo iliyonse, akuwonkhetsa chamumtima.

"Maola 4,160."

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, poganiza kuti aiwala fayilo ina. Kenako mutu unaima. Makumi awiri pa sabata, masabata 52, zaka zinayi. Masamu amene mwana wa pulayimale angachite ine sindinawachitepo ngakhale kamodzi, ine amene ndinkawerengera kukula kwa waya pamtima. Ndinali ndi mabuku awiri m'mutu, la angongole ndi la layisensi, ndipo sindinaganizepo kuti tsiku lina adzakumana pathebulo limodzi.

Ndinatulutsa kabuku kobiriwira n'kukamenyetsa pathebulo, madonasi n'kudumpha.

"Awa ndi maola anga. Tsiku lililonse, nyumba iliyonse. Ankolo, munalipo. Sainani 8,000."

A Wendell anayang'ana akazi awo. Munthu amene ankagwira waya wamoyo ndi manja ali phee, tsiku limenelo anayang'ana akazi awo ngati mwana woswa kapu.

"Khala pansi," anatero a Opal. "Akasaina 8,000, mapepala akunena 4,160, ukuganiza kuti kumeneko kuli akhungu? Afunsa kuti maola enawa analipidwa bwanji. Ukayankha, nkhani ipita kwa amsonkho. Ife tilipira msonkho wa zaka zinayi ndi chindapusa, layisensi ya Wendell ilandidwa, mwina nyumba ino ipita. Wendell ali ndi zaka 71, ali ndi kabatire mumtima."

"Ndiye ine ndife kuti inu mukhale ndi nyumba?"

"Sindinamalize. Chaka chilichonse unkasainira angongole kuti umalandira zakutizakuti. Unkasainiranso achipatala. Siginecha yako, osati yathu. Mankhwala a Darcy a zaka zinayi, kugonekedwa kwake m'chipatala kawiri konse, akhoza kukuuza ubweze zonse. Ndipo bodza la pafomu ya boma lili ndi dzina lina, ukulidziwa."

Anayankhula mofatsa, mopanda nkhanza, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima kwambiri. Anali atazidziwa kale. Mwina osati za fomu, koma ankadziwa kuti envulopu ili ndi mchira.

"Dzina langa lili m'mabokosi," ndinatero. "Nyumba mazana awiri. Ndikajambula zonse, dzina ndi tsiku. Aone okha kuti ndinagwira."

"Ukajambule," anatero a Opal. "Theka la masikuwo ndi Lachinayi ndi Lachisanu. Ukhala utawasonkhanitsira umboni wokumangira wekha, n'kuwapititsiranso pa mbale."

Apo m'pamene a Wendell anatsegula pakamwa, ndipo bola akanapitiriza kudya.

"Ndinkangofuna kukuthandiza, mwana wa Floyd. Unalira m'vani mwanga. Ndikanatani?"

"Musatchule bambo anga! Munkathandiza ine? Zaka ziwiri mwakhala pachidebe, ine ndikukwawa ngati khoswe pa madola 19, inu mukulipiritsa makasitomala mtengo wa mmisiri wa layisensi. Msonkho munapulumutsawo munagula boti. Mwandidyera masuku pamutu, ankolo, ine n'kumakupsompsonani!"

"Boti lake lakale lija?" anatero motsitsa. "Ndipo iwe masukuwo sunadye nawo?"

Ndinadyadi. Ndinatola kabuku kanga n'kutuluka, madonasi ndinawasiya.

Masiku asanu sindinapite kuntchito. Ndinakhala pathebulo ndi makalata a angongole amene kwa zaka zinayi ndinkangowaponya m'dilowa osatsegula. Madola 19,000 aja anali atabereka, tsopano anali 23,400, ndisanabwezeko ngakhale senti. Ndinaimbira loya wina wa ku Bay City amene amamvetsera kwaulere theka la ola loyamba. Ananena zomwe zija za a Opal, kungoti m'mawu ataliatali. Ndinafunsa ngati ndingapite kwa bwana wina. Anati ndingathe, koma maola amene ndili nawo ndi omwewo, ndipo ndiwasainitse msanga abwana anga akadali moyo.

Darcy, amene tsopano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anandipeza ndikuyang'ana satifiketi ija pakhoma.

"Amayi, mayeso mulemba liti? Ndawauza kale anzanga kuti amayi anga akhala mmisiri weniweni. Munati mukakhoza tisamuka m'nyumba yachinyezi ino."

"Asintha tsiku," ndinayankha.

"Mpaka liti?"

"Zaka ziwiri."

Anaseka poyesa nthabwala. Ataona nkhope yanga anasiya, anapita kuchipinda kwake, ndipo ndinamva akupopa mankhwala ake kawiri. Mankhwala amenewo ndiwo ndinagula ndi Lachinayi ndi Lachisanu langa. Ndikanati ndibwerere m'vani muja tsiku lija, sindikudziwa ngati ndikanakana, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa zonse.

Lolemba lotsatira tinakumana ndi a Wendell kubanki, kwa mayi wolumbiritsa anthu ndi kudinda mapepala. A Wendell anabwera atavala shati yakutchalitchi. Analemba 4,160, anasaina. Mayiyo anatembenuzira fomu kwa ine.

"Mukulumbira kuti zolembedwa apa ndi zoona, ndipo palibe chimene mwabisa?"

"Ndikulumbira."

Chidindo chinalira. Zaka ziwiri za moyo wanga zinathera pamenepo, pakauntala ya banki, pafupi ndi mbale ya maswiti aulere.

Panja a Wendell anayatsa vani n'kukhala osaiyendetsa.

"Kuyambira lero zonse pa cheke," anatero. "Maola makumi anayi. Ndikuwonjezera dola imodzi. Zaka ziwiri sizichedwa, uona."

"Zonse pa cheke ndiye kuti angongole ayamba kudula, achipatala atisiya."

"Eya."

"Ndiye ndabwerera pamene ndinali zaka zinayi zapitazo, kungoti ngongole yakula, mawondo ayamba kulira."

A Wendell ananditsegulira chitseko cha vani. Anangoti pali ntchito kwa mayi Dombrowski, mayi wamasiye wa ku msewu wa kumanda, ofuna soketi yatsopano ya makina awo opumira. Ndinakwera. Ndikanapita kuti? M'tauni muno makampani a magetsi alipo atatu, ndipo awiri enawo salemba munthu wa zaka 44 wopanda layisensi.

Mayi Dombrowski anatilandira atatsamira ndodo, chubu cha mpweya chili m'mphuno. Ntchito yake inali yaing'ono: waya mmodzi kuchokera kuchipinda chogona kutsikira kuchipinda chapansi kumene kuli bokosi. Pofika masana ndinali nditamaliza kukoka. Ndinatsegula kachitseko ka bokosi kuti ndilumikize, ndipo ndinakumana ndi dzanja langa lomwe. Charlene Tibbets. Pansi pake tsiku la mu Julaye, zaka ziwiri zapitazo.

Ndinalikumbukira tsiku limenelo. Tinachotsa mawaya onse akale a nsalu m'nyumba imeneyi, amene akanaiotcha tsiku lililonse. Ndinakhala m'denga maola asanu ndi limodzi, ndinatsika ndikusanza ndi kutentha. Bokosilo ndinalimanga ndekha koyamba, a Wendell osakhudzako, mawaya atayalana bwinobwino ngati tsitsi lopesa. Linali Lachisanu.

A Wendell anali ataima kumbuyo kwanga pamasitepe. Anaona zimene ndinaona. Anapisa m'thumba la shati yawo yakutchalitchi, anatulutsa cholembera chakuda n'kunditambasulira.

"Woyendera wa boma abwera mawa kudzaona soketiyi," anatero, maso ali pansi.

Oyendera sawerenga mayina, amaona mawaya, ndipo palibe woyendera amayenda ndi kalendala ya zaka ziwiri zapitazo. Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa. Koma m'mawa womwewo ndinali nditalumbira pamaso pa chidindo, ndipo munthu ukalumbira bodza umayamba kuopa ndi khoma lomwe. Ndinalandira cholemberacho.

Inki yosafufutika siifufutika, umangoipaka ina pamwamba. Ndinayamba ndi tsiku, kenako dzina. Ndinapaka kamodzi, zilembo zinkaonekabe. Ndinapakanso.

"Mukufufutiranji?"

Anali mayi Dombrowski, atafika pamwamba pa masitepe ndi ndodo yawo, akupuma movutikira.

"Limenelo ndi dzina lanu, si choncho? Ndimawauza anthu onse a kutchalitchi kuti magetsi anga anakonza ndi mzimayi. Mdzukulu wanga ndinamutsitsira kuno kudzamuonetsa."

"Analakwitsa kulemba, mayi," anatero a Wendell.

"Analakwitsa chiyani? Ndikukumbuka bwinobwino. Munatsika m'denga nkhope ili psuu, ndinakupatsani madzi a mandimu, munamwa matambula atatu. Linali Lachisanu, chifukwa ndinali nditaphika nsomba."

Ndinapaka kachitatu mpaka panangotsala chibanga chakuda chonyezimira.

"Sindine, mayi," ndinatero osatembenuka. "Ine Lachisanu sindinkagwira ntchito."

Kenako ndinamva ndodo ikubwerera pang'onopang'ono kukhitchini.

Ndinalumikiza waya, ndinamanga zomangira, ndinayesa soketi, inayaka. A Wendell anadikira kuti ndilembe dzina ndi tsiku latsopano monga mwa mwambo, poti Lolemba ndi tsiku lovomerezeka. Ndinawabwezera cholembera chawo n'kutseka kachitseko.

M'vani ndinatulutsa kabuku katsopano kamene ndinagula pamalo omwetsera mafuta, chifukwa kobiriwira kaja loya anandiuza ndikataye. Patsamba loyamba ndinalemba maola a tsikulo, atatu. A Wendell anasuzumira.

"Atsala angati?"

"3,837."

"Bokosi la kwa a Pulaski lija," anatero akuyatsa vani, "tinalimanganso Lachinayi, eti? Tidzereko pobwerera."